Za mlatho wa nsungwi uja ndinafunsa

Abale, paja sabata yatha ndinafunsa za chithunzi cha mlatho wolendewera chomwe ndinapeza m'sutikesi ya malemu agogo, ndimafuna kudziwa ngati unali kuno ku Mangochi. Zikomo nonse munayankha, nkhani ija yadziwika tsopano.

Si wa kuno ayi, ndi wa ku Kandewe m'boma la Rumphi, uli pa mtsinje wa South Rukuru kufupi ndi msewu wa M1. Unamangidwa koyamba mu 1904, tangoganizani, nthawi imeneyo tauni yathu ino nkuti ikutchedwa Fort Johnston. Anauzindikira ndi amalume omwe ankayendetsa lole yopita ku Karonga, akuti iwo anawolokapo, nsungwi zikulira kupazi, mlatho wonse ukugwedera uku madzi ukuwaona m'mipata, anachita kugwiritsa manja onse awiri mpaka tsidya.

Chandikhudza ine nchoti nsungwi zija zikafumbwa eni mudzi amasonkhana nkuluka zina ngati dengu, makolo kuphunzitsa ana mpaka lero. Ife tinazolowera wa Bakili Muluzi pa Shire, koma uwu ndikufunitsitsa ndikaupondepo ndekha. Amene mwapitako posachedwa, ndikakwera minibasi ku Mzuzu nditsikire pati?