Kamera ya pageti ikumazima kukangoda, ndipitirize kapena ndisinthe pulani?

Wamagetsi: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ntchito yanga ndi ya mawaya a m'nyumba, za makamerazi ndikuziyamba kumene. Ndikufuna kudziikira ndekha makamera anayi kunyumba kwanga: pageti, khomo lakumaso, lakuseri, ndi poimika galimoto. Ndisanaboole makoma ndayamba ndayesa imodzi ya 12V pageti, chingwe chake mamita 70. Masana chithunzi chili bwinobwino, koma kukangoda imazima n'kuyakanso, mpaka mbandakucha. Ndi yowonongeka?

WaCCTV: Kamerayo ilibe mlandu, achimwene. Kukada imayatsa timagetsi take ta infrared toonera mumdima, ndiye imakoka mphamvu zambiri kuposa masana. Pachingwe chowonda komanso chachitali choncho, 12V imafika kumapeto itafooka. Madzulo ano tengani mita yoyezera magetsi mukayeze pakamera pomwepo timagetsito titayaka.

Wamagetsi: Ndayeza. Masana 11.4V, usiku ikutsika mpaka 9.8V. Mwalasa.

WaCCTV: Mwachita bwino kuyesa musanagule atatu enawo. Ine ndikanakhala inu ndikanasankha makamera a PoE, omwe amalandira mphamvu kudzera pa chingwe cha netiweki. Chingwe chimodzi cha Cat6 chimanyamula chithunzi ndi mphamvu, ndipo chifukwa mphamvuyo imayenda pa 48V kapena kuposerapo pang'ono, yotayika m'njira imachepa kwambiri. Malire ake ndi mamita 100 kuchokera pa switch ya netiweki (kabokosi kolumikizirapo zingwezo) kapena NVR (rekoda yosunga zomwe makamera ajambula). Poyeza mtundawo muzitsata mmene chingwe chidzayendere, kukwera khoma ndi kukhota konse, osati kungoponya tepi pabwalo. Chinanso, chenjerani ndi chingwe cha CCA. Kunja chimaoneka ngati kopa, koma mukapala ndi mpeni mupeza choyera mkati, ndi aluminiyamu. Chinandibwezapo kwa kasitomala katatu ndisanadziwe chomwe chikuvuta, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Mayi wa ma alamu: Bambo, nonse mukukamba za zingwe, nanga magetsi akazima? Wakuba wochenjera amayamba ndi kuthimitsa switch yaikulu. Werengerani motere: batire la 12V 7Ah lili ndi 84Wh papepala. NVR ndi makamera anayi usiku tingoti 40W. Amenewo ndi maola awiri, koma batire la lead-acid mukamalikhetsa mpaka pansi silikhalitsa, ndiye muziwerengera theka. Ola limodzi basi. Ngati mukufuna usiku wonse, batire likhale lalikulu ndithu, ndipo router ya intaneti ikhalenso pa batirelo, apo ayi uthenga sufika pafoni. NVR-yo musaiike pansi pa TV pomwe aliyense akuiona. Akainyamula, umboni wonse wapita nayo.

Wamagetsi: Zikomo amayi, za router sindinaziganize n'komwe. Nanga hard disk ndigule yaikulu bwanji?

WaCCTV: Kamera imodzi yotumiza zithunzi pa liwiro la 4 Mbps imadya pafupifupi 43GB patsiku ikamajambula osapuma. Anayi ndi 173GB, ndiye 2TB ikusungirani masiku 11 kapena kuposa pang'ono. Mukaika H.265, njira yochepetsera kukula kwa mavidiyo, masikuwo amachuluka. Mugule disk yopangidwira makamera, yomwe imapirira kulemba usana ndi usiku.

Mayi wa ma alamu: Ndipo musaikweze kwambiri kamera ya pagetiyo. Mamita awiri ndi theka kapena atatu akwana. Mukapitirira apo mudzangojambula zipewa ndi mapewa, nkhope osaiona. Isayang'anizanenso ndi khoma loyera lapafupi, chifukwa infrared imabwerera m'diso la kamera chithunzi n'kuyera mbuu. Password yobwera nayo musinthe tsiku lomwelo.

Wamagetsi: Ndayezanso motsata mpanda, kugeti kukukwana mamita 82, ndiye PoE ifika. NVR ndiika m'kabati yokiya m'chipinda chamkati limodzi ndi batire ndi router. Koma kamera ya 12V ndagula kaleyi nditani nayo?

WaCCTV: Ngati ndi ya IP (yoyendera chingwe cha netiweki), ipachikeni pakhomo lakuseri pafupi ndi adaputa yake, kapena muiikire PoE splitter, kachipangizo kotulutsa 12V pa chingwe cha PoE. Ngati ndi ya analogi, NVR siilandira, pokhapokha mutagula rekoda yolandira mitundu yonse iwiri. Onani kumchira kwake, kuli pulagi ya RJ45 (ya IP) kapena ya BNC (ya analogi)?

Wamagetsi: RJ45, achimwene. Ipita kuseri.