Pulagi ikuda masiku atatu alionse pa CG125 ya malemu bambo anga, ndi kabuleta kapena maringi?

Mwana wa ku Lifuwu:

Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Ndili ndi njinga yamoto ya Honda CG125 yakale ija ya mapointi (tizitsulo togundana nkulekana toyatsa moto wa pulagi), anandisiyira malemu bambo anga, iwo anaigula m'ma 1980 akadali pantchito ndipo atamwalira inakhala m'nyumba zaka zinayi osayenda mpaka chaka chatha pomwe ndinaitulutsa nkuikonzetsa. Ndimayendera kuchoka kuno ku Lifuwu kupita pa Kamuzu Road kukapikula katundu wa mu golosale, nthawi zina ku Senga Bay kukatenga usipa.

Vuto ndi pulagi. Ndikaika yatsopano njinga imalira kiki imodzi ndipo imayenda bwinobwino, koma pakangotha masiku atatu kapena anayi imayamba kudukiza, ukaipatsa moto imachita ngati yatsamwa, kenako m'mawa wake osalira olo umenye kiki mpaka thukuta kamukamu. Ndikamasula pulagi ndimaipeza yakuda bii ngati kunsi kwa mphika. Mwezi uno wokha ndagula mapulagi anayi, petulonso ikumwa mosakhala bwino. Makaniko wina wandiuza kuti maringi a pisitoni atha tiphwasule injini, mwinanso tikaboole buloko ku Lilongwe, koma ndalama zake sizamasewera komanso mtima wanga ukukana kuti injini ya bambo itsegulidwe popanda umboni weniweni. Ndiyambire pati?

Makaniko wa pa Dwangwa:

Achimwene musanalole kuti munthu aike sipana pa injini imeneyo tayankhani kaye izi. Kuda kwa pulagi kulipo kuwiri. Mukaimasula, ipakeni chala kunsongako, ngati zakudazo zili zouma ngati mwaye zongoyoyoka ndiye kuti petulo akulowa wambiri kuposa mpweya, kapena moto wa pulagi ndi wofooka sukutentha zonse. Ngati zili zonyowa, zonyezimira, zomata ngati phula ndiye oyilo ameneyo, pamenepo mpomwe timakamba za maringi kapena mavavu. Utsi ukutuluka wamtundu wanji ku ekizozi? Wakuda wonunkha petulo, kapena wabuluu? Nanga oyilo mukumaonjezera pafupipafupi? Pulagi ya injini yathanzi imaoneka ngati tiyi wothira mkaka, yofiirira pang'ono.

Mwana wa ku Lifuwu:

Zikomo akulu. Ndapita kukaona mapulagi onse anayi, ndinawasunga m'kachitini. Onse ndi ouma, chala chikuda ngati ndagwira makala koma palibe mafuta. Utsi umatuluka wakuda ndikakoka moto kwambiri, ndipo oyilo kuyambira pomwe ndinathira miyezi iwiri yapitayo ali pomwepo pa kandodo kaja.

Makaniko wa pa Dwangwa:

Ndiye maringi asiyeni, alibe mlandu. Njinga yomwa oyilo mpaka kupha pulagi m'masiku atatu bwenzi mukuthira oyilo sabata iliyonse ndipo akumbuyo kwanu bwenzi akutsokomola ndi utsi wabuluu.

Yambani ndi zosafuna ndalama. Tsegulani eyakilina muone siponji, kunyanja kuno fumbi ndi mchenga wa m'miyezi ino ya Okutobala zimatseka siponji msanga, ndipo ena amainyika mu oyilo mpaka kuchucha poganiza kuti akuchita bwino, chonsecho injini ikubanika. Ichapeni ndi parafini, iume, mupake oyilo pang'ono nkufinya mpaka isadonthe. Ngati ikunyenyeka m'manja gulani ina. Kenako choke, onani ngati kachitseko kake kakutsegukadi konse mukabweza kachogwirira kaja, ndaonapo ambiri akuyenda ndi choke yotseka theka osadziwa.

Koma ine komwe ndikukaikira kwenikweni ndi fuloti, poti mwati njinga inakhala zaka zinayi. M'kambale ka pansi pa kabuleta muli fuloti ndi kasingano kokhala ndi nsonga ya labala, ntchito yake nkutseka petulo kambale kakadzadza. Nsongayo ikadyeka kapena kuuma petulo amangolowabe, amakwera kupitirira muyezo, ndiye injini imayamwa wambiri paliponse, kaya pa sailensi injini ikungolira yokha kaya mukuthamanga. Imikani njinga pa sitandi yapakati, tsegulani kampopi ka mafuta, dikirani mphindi zingapo muone ngati kapaipi ka pansi pa kabuleta kakudontha. Mukamasula fuloti igwedezeni pafupi ndi khutu, mukamva petulo mkati ndiye kuti yabooka ikumira. Majeti, tizitsulo ta timabowo todutsa petulo m'kabuleta, musawatokose ndi waya wolimba kapena singano yosokera chonde, ndi a mkuwa amenewo, bowo limakula nkumapititsa mafuta ochuluka mpaka kalekale. Tsukani, uzirani mpweya basi.

Kasikuluwu ka mikisicha kamabwera pomaliza, injini itatentha kale. Kamangeni pang'onopang'ono mpaka kangogunda, osakakamiza chifukwa nsonga imathyoka, ndiye kamasuleni kuzungulira kamodzi ndi theka, kuchokera pamenepo muzipotoza pang'onopang'ono mukumvetsera pomwe injini ikulira mokoma kwambiri. Kakakhala mbali ya ku injini kumasula nkuonjezera petulo, kakakhala mbali ya ku eyakilina kumasula nkuonjezera mpweya, onani kanu kali mbali iti. Dziwaninso kuti kameneka kamangolamula sailensi ndi moto wochepa, pakatikati amalamula ndi nidulo ija ya mu silaidi, mukakoka moto wonse ndi main jet. Nidulo ikakhala ya timizere, kukweza kakilipi m'mwamba kumaitsitsa ndipo petulo amachepa.

Wakabaza pa Khombedza:

Aise ine ndingoonjezera pang'ono, yanga ndi Lifan koma injini yake anatengera CG yomweyo. Petulo mukumagula kuti? Wa m'zigubu ndi m'mabotolo uja nthawi yomwe mafuta akusowa anandipweteka ine, mumapezeka tizinyalala ndi madzi, kachinyalala kamodzi kakakhala pa kasingano ka fuloti basi kabuleta yayamba kusefukira. Ikani kafyuluta kakang'ono pa paipi yochokera ku thanki, nkotchipa. Komanso mapulagi ambiri m'mashopumu ndi achinyengo olo katoni ilembedwe bwino, ndinagulapo ina inafa tsiku lomwelo. Ine ndikanakhala inu ndikanangoika pulagi yotentherapo, D7EA m'malo mwa D8EA, imatentha mwaye wonse yokha nkhani nkutha.

Mlangizi wopuma ku Nkhotakota boma:

Mwana wanga pepa ndi imfa ya bambo ako, ndipo wachita bwino kuisunga njingayo. Ine ndayenda pa njinga zamoto zaka zambiri m'midzi ya ku Benga mpaka ku Mwansambo, ndiye ndilankhulepo.

Za kafyuluta mnyamata wa pa Khombedza wanena zoona, koma za pulagi yotentherapo ndikukana. CG125 pulagi yake ndi NGK D8EA, mpata wa kunsonga ukhale 0.6 mpaka 0.7 mm. Kwa NGK nambala ikatsika pulagi imasunga kutentha kwambiri, ndiye inde mwaye uchepa, koma matenda ukhala wangowaphimba, petulo azipitabe wambiri, azitsuka oyilo m'mbali mwa silinda, ndipo maringi omwe lero ali bwinowo adzathadi. Kuonjezera apo kutentha kwa Salima mu Okutobala ndi Novembala pa injini yozizira ndi mphepo yokha, utanyamula matumba a shuga kumbuyo, ine sindingayese.

Chomwe anzangawa sanachikhudze kwenikweni ndi moto. Yako wati ndi ya mapointi, ndipo mapointi akapsa kapena mpata wake ukachepa, kapena kondensa yothandiza mapointiwo kuti asapse ikatopa, moto umafooka ndipo pulagi imada mouma chimodzimodzi ngati vuto la kabuleta. Madzulo kukada masula pulagi, ivale kapu yake, igunditse pa injini numenye kiki. Moto wabwino ndi wabuluu wothetheka mwamphamvu, ukaona wachikasu wonyentchera tsegula mbali ya magineto, pukuta mapointi, mpata ukhale 0.3 mpaka 0.4 mm. Kapu ya pulaginso imatha, ndipo waya wake umachita dzimbiri pomwe walowera m'kapumo, kudula kachidutswa kakang'ono nkumanganso kumathandiza.

Za kasingano ka fuloti ndikugwirizana ndi a pa Dwangwa. Petulo wathu kuno amasakaniza ndi ethanol, ndipo kwawoko ku Dwangwa anayamba kupanga ethanol mu 1982. Ukamayenda tsiku ndi tsiku palibe chovuta, koma akakhalitsa m'kambale miyezi ndi zaka amakoka chinyezi ndipo malabala akale amauma. Uzitseka kampopi ka mafuta usiku uliwonse, bambo ako ndikhulupirira ankatero.

China uchidziwe, ukaitchuna kunyanja kuno komwe ndi kotsika, pafupifupi mamita 500, tsiku lomwe udzakwere msewu wa M14 kupita ku Lilongwe komwe ndi kopitirira mamita 1,000 petulo adzachulukirako pang'ono mu injini chifukwa mpweya kumtunda ndi wopepuka. Usadzathamangire kupotoza masikuluwu pamsewu, ukatsika ibwerera yokha.

Mwana wa ku Lifuwu:

Ndabwera ndi zotsatira akuluakulu. Loweruka ndinakhala nayo tsiku lonse pansi pa mtengo wa mango ndi mphwanga. Siponji ya eyakilina inali yolemera ndi oyilo ndi fumbi, kuigwira imangonyenyeka, ndagula ina. Kapaipi ka pansi kanali kakudonthadi, ndinkaona kadontho pansi m'mawa koma ndinkayesa ndi mmene njinga zakale zimachitira. Kasingano ka fuloti nsonga yake inali ndi mzere wozungulira wodyeka moti umaoneka ndi maso, ndapeza kena pa Kamuzu Road ka njinga za kabazazi kakwana bwinobwino. Kasikuluwu ka mikisicha ndinakapeza katamasulidwa kuzungulira kanayi, kaya anatero ndani. Moto madala ndinayesa usiku monga munanenera, unali wachikasu, nditapukuta mapointi wasintha koma sunafike pa buluu weniweni.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi pa pulagi yomweyo, ndapita ku Senga Bay kawiri ndi ku Chipoka kamodzi, ndamasula m'mawa uno pakati pake payamba kufiirira ngakhale m'mbali mukadali mwaye pang'ono. Mayi atamva kulira kwake m'mawa anatuluka panja nkuima pakhomo, akuti ndi mmene inkalirira bambo akamapita kuntchito. Ndiye kondensa ndisinthiretu kapena ndiyambe ndayenda nayo sabata ina? Ndipo ya njinga zatsopanozi palibe poti zonse ndi za CDI zopanda mapointi, amene akudziwa komwe ndingaipeze ku Salima kapena ku Nkhotakota andiuze.