"Nyimbo imodzi sachezera gule": mwambiwu ndi wa pati?

Wa ku Ntcheu: Abale ndithandizeni. Ndimayendetsa galimoto pa banja lina la Chiyuda ku Glenhazel, kuno ku Johannesburg. Mnyamata wa pakhomopo akuphunzira kutsogolera nyimbo ku sunagoge, ndiye amayeserera m'galimoto pochokera kusukulu, agogo ake aamuna atakhala kutsogolo. Akafika pa Shema, pemphero la m'Chiheberi la mawu a pa Deuteronomo 6:4 aja, agogowo amagogoda bondo ndi chala n'kumubweza pa liwu lomaliza, echad, mpaka d wakumapetoyo amveke. Akuti echad ndi "mmodzi", koma d akaterereka n'kumveka ngati r, liwulo limayandikira acher, "wina", ndiye wayimbitsa anthu za mulungu wina. Ndinawauza malume pa foni kuti mwanayu watopa, angomusiya apite pa ina, paja nyimbo imodzi sachezera gule. Anandidula: "Mphwanga, mwambi umenewo si wa pamenepo." Nanga ndi wa pati?

Nangozo: Mwandikumbutsa agogo anga ku Dedza. Ndiwo ankayambitsa nyimbo pa chinamwali, amayi ena n'kumapolokozera. Mwambiwu ankaunena ukamawapatsa chifukwa chomwechomwecho tsiku ndi tsiku. "Dzulo mutu, lero mutu, mtsuko uli gwa! Nyimbo imodzi sachezera gule, iwe."

aMbewe: Ine ndili kumbali ya mwini funso. Mwambiwu ukunena kuti njira si imodzi. Ayuda okhawo satchula mofanana. Ochokera ku Lithuania, komwe makolo a Ayuda ambiri a ku South Africa anachokera, tsiku la Sabata ankati Shabbos, ku Israel amati Shabbat. Onsewo akupemphera. Gule amakoma ndi nyimbo zambiri, basi.

Nangozo: Pepani aMbewe, Shabbos ndi Shabbat ndi tsiku lomwelo. Zili ngati wa ku Kasungu ndi wa ku Mulanje, kalankhulidwe kosiyana koma akumvana. Apa tanthauzo likugubuduka. N'chifukwa chake mu mpukutu wa Torah, mabuku asanu a Mose aja, d wa echad amamulemba wamkulu kuposa anzake, kuti wowerenga asaphonye. Ndipo wowerengayo akalakwitsa liwu losintha tanthauzo, amamukonza pomwepo anthu akumva. Agogo anganso woyambitsa akapotoza mawu ankaimitsa ng'oma, chifukwa ovomera amangotola chimene wapereka.

Che Jafali: Kwathu ku Mangochi tinkaumva anakubala akuuza wokamba mlandu amene wakakamira mfundo imodzi. Koma za katchulidwe musazipeputse. Werengani Oweruza 12:6, Aefraimu 42,000 anathera pa madooko a Yordano chifukwa chonena siboleti m'malo mwa shiboleti.

aMbewe: Nanga simukuona kuti mwandivomereza? Wokakamira mfundo imodzi ndi agogo a mnyamatayo! Njira si imodzi.

Mayi a Chisomo: Ayi aMbewe, mwaukoka mwambiwo mpaka wafika posafika. Ine zimene zimandiwawa ndi zathu zomwe. Timayimba Aleluya chaka ndi chaka, h tinamutaya kalekale, pomwe kwa eni ake halelu ndi "tamandani", ndipo mukakanda kukhosi n'kukhala chalelu mwati "nyozetsani". Bola iwo ali ndi agogo wogogoda bondo. Ana athu pa WhatsApp akulemba "kuponya" akutanthauza "kuphonya", ukawafunsa akuti bola mwamva.

Nangozo: Zoona mayi. Wanga anandilembera kuti "ndapika nsima". Nditamukonza anangoyankha kuti "bho". Kwaya yathunso achinyamata akumeza mawu, umangomva kiyibodi.

Wa ku Ntcheu: Ndiye malume aja amalondola kapena ayi? Mayankho aposa mafunso.

aMbewe: Malume anuwo alembe pano tikambirane. Ine ndinaumva kwa agogo anga ku Mchinji, pa bwalo la Gule Wamkulu penipeni, osati m'buku. Njira si imodzi.

Che Jafali: Agogo a tonsefe anali pa magule osiyana, aMbewe. Mwini funso, awaimbireninso malumewo madzulo ano, atiuze okha.