Ryzen 5 7600 kapena 7800X3D? Ndithandizeni ndisanatumize ndalama ku Joni

Wofunsa:
Odi akuluakulu a pa gulu pano. Mutu wanga waima. Chaka chathunthu ndakhala ndikusunga ndalama yomangira kompyuta ya magemu, ndipo achimwene anga a ku Johannesburg akubwera mu Disembala. Ati ndiwatumizire mndandanda wa zipangizo sabata ino isanathe kuti akagule pa Black Friday.

Ndalamayo ndi yomweyo basi, kowonjezera kulibe. Ndikatenga processor ya Ryzen 5 7600, chenji chikukwanira graphics card ya RTX 4070. Koma mtima uli pa Ryzen 7 7800X3D chifukwa pa YouTube aliyense akuyitama, ndiye ndikatero graphics card itsike kufika pa RTX 4060. Pamene zinkatuluka mu 2023, 7600 inali madola 229 pomwe 7800X3D inali 449, komanso yodulayo sibwera ndi cooler yoziziritsira processor, ndiyenera kugula payokha.

Ndimasewera EA Sports FC, GTA V, Warzone apo ndi apo, ndi Euro Truck Simulator 2 ndikatopa ndi anthu. Monitor ndi yakale, 1080p ya 75Hz. China n'chakuti kwathu ku Area 25 magetsi akathima ndimadalira inverter yaing'ono yomwe imanyamulanso mababu ndi rauta. Mantha anga ndi oti ndigule yotsika mtengo lero, pakatha zaka ziwiri ndiyambe kulira. Mwaiona kale mmene kwacha inagwera mu Novembala 2023, kugula kawiri si masewera.

Wokonza makompyuta ku Limbe:
Achimwene, yankho lili pa monitor yanuyo. Ya 75Hz imaonetsa zithunzi 75 pa sekondi, kaya kompyuta ikutulutsa 90 kaya 300. Ndiye 7800X3D mukuigulira ndani? Pa magemu mwatchulawo 7600 imapyola 75 ili mtulo. Ili ndi ma core 6, ma thread 12, ndipo m'bokosi muli kale cooler.

Ganizani chonchi: processor ndi amene amakonza zoti zijambulidwe, komwe mdani waima, komwe mpira ukupita, kenako graphics card ndiye imajambula. Mukakweza ma settings kapena resolution, katundu wambiri amagwera wojambulayo. Processor yodula pa card yofooka ili ngati kulemba ntchito kapitawo wa digiri pomwe wolima ndi mmodzi. Ndipo 4060 ili ndi 8GB yokha ya VRAM (memory ya pa card), pomwe 4070 ili ndi 12GB. Magemu atsopano ena ayamba kale kubanika pa 8GB mukakweza ma texture. Pamenepo ndi pomwe mudzalire pakatha zaka ziwiri, osati pa processor.

Membala wina:
Aise musamunamize mwana. Ine ndili ndi X3D ndipo sindibwerera. Si nkhani ya fps (zithunzi pa sekondi) yapamwamba yokha. Chip imeneyi ili ndi 96MB ya L3 cache (memory yothamanga ya mkati mwa processor), pomwe 7600 ili ndi 32MB. Mu Warzone anthu akadzadzana malo amodzi, kapena mu Counter-Strike 2 utsi ukaphulika, kompyuta zina zimachita kakudodoma kaja, yanga imangodutsa ngati madzi. Ngakhale Euro Truck yakeyo, ukalowa mumzinda uli ndi ma mod a magalimoto ambiri, imadya processor osati card.

Wokonza makompyuta ku Limbe:
Zoona zonsezo bwana, koma inu monitor yanu ndi yanji?

Membala wina:
Ya 240Hz 😂

Wokonza makompyuta ku Limbe:
Ndiye mwadziyankha nokha.

Mlongo wa ku Mzuzu:
Ine ndiyankhe za inverter chifukwa aliyense wazilumpha. Musaone 120W yolembedwa pa 7800X3D n'kuganiza kuti ndi chilombo chodya magetsi. Mu magemu siifika n'komwe pamenepo, imadya pang'ono kwambiri poyerekeza ndi mphamvu zake. Chimene chidzamalize batire lanu ndi card: 4060 ndi 115W, 4070 ndi 200W. Ndiye ngati mumasewera kwambiri magetsi atathima, njira imene anthu akukulangizaniyi ndiyo yolemera ku inverter. Sindikuti musagule 4070, ine ndikanagula yomweyo, koma mutseke fps pa 75 mu settings. Card ikapanda kuthamangira zithunzi zomwe monitor singaonetse, imadya pang'ono ndipo sitenthanso. Mwezi wa Okutobala mudzandithokoza. Ka cooler ka m'bokosi la 7600 kamagwira ntchito, koma kukatentha kamalira ngati udzudzu, ndipo fumbi la Lilongwe muzipukuta pafupipafupi.

Wofunsa:
Achemwali zikomo, izi sindinaziganizire n'komwe. Ine ndimangoona ngati chodula ndiye chodya magetsi. Nanga nkhani ya mtsogolo ija?

Mdala wa gulu:
Mwana wanga, mukufuna kugula mbereko mwana asanabadwe. Ma processor awiri onsewo amakhala pa socket imodzi (malo olowetsapo processor pa motherboard), AM5, ndipo AMD inanena kuti ipitiriza nayo mpaka 2027 n'kupyola. Gulani motherboard yabwino ya B650 ndi RAM ya DDR5, 32GB ngati thumba lilola. Tsiku limene 7600 idzayambe kupuma wefuwefu, mudzazula n'kuikapo X3D, kaya 7800X3D yomweyo itatsika mtengo kaya 9800X3D yomwe inatuluka mu Novembala 2024, mutangopanga update BIOS, pulogalamu ya motherboard. Yakaleyo mudzagulitsa, kuno Ryzen 5 sigona pa msika. Ife tinachita zomwezi pa socket yakale ya AM4: anthu anayamba ndi Ryzen 5 2600 n'kudzamalizira pa 5800X3D board yomweyo. Processor ndi kachinthu kolowa m'thumba la malaya, aliyense wochokera ku Joni angakunyamulireni. Card ndiye chimtolo, gulani yabwino kamodzi.

Wina:
Bwanji osangotenga Intel i5-14400F ndi DDR4? N'zotchipa.

Mdala wa gulu:
Zotchipa inde, ndipo imasewera bwino. Koma socket yake, LGA1700, inathera pa ma Intel a 14th gen, ma Core Ultra atsopano ali pa socket ina. Mnyamatayu akuopa kugula kawiri.

Membala wina:
Chabwino ndagonja, koma akadzagula monitor ya 240Hz adzandifuna.

Wofunsa:
Ndidzakufunani ndithu akulu, nambala musasinthe 😂 Ndatumiza kale uthenga kwa achimwene: 7600, B650, 4070. Ayankha kuti bokosi la card akuliopa, mwina alisiye kuti ikwane m'chikwama cha m'manja pa basi. Ndawauza akulunge mu juzi koma lisiti asataye. Funso lomaliza: ndili ndi power supply yakale ya 500W yopanda dzina yomwe ndinagula ndi kompyuta ya kaunjika. Nvidia akuti 4070 ikufuna 650W. Ndingayambe ndi yakaleyi kaye mpaka Januwale?

Wokonza makompyuta ku Limbe:
Ayi. Imeneyo ikhale chotsekera chitseko. Auzeni achimwene awonjezere ya 650W, ngongoleyo mukakambirane pa Khirisimasi.