Mizati ya akachisi a Agiriki inkagwirana bwanji popanda simenti?

Wophunzira_zomanga:
Akuluakulu, ndimamva kuti kachisi wa Parthenon ku Athens, yemwe anayamba kumangidwa mu 447 B.C., alibe simenti kapena matope pakati pa miyala. Nanga mzati wotalika mamita oposa 10 umaima bwanji osagwa?

Wosema_miyala:
Mzatiwo si mwala umodzi ayi. Ndi miyala ya mabo (mtundu wa mwala woyera wolimba) yozungulira ngati ng'oma, 10 kapena 11, yosanjikizana. Chinsinsi chili pamene miyala iwiri yakumana. Sankasalaza nkhope yonse. Ankasalaza m'mbali mokha kuzungulira, pakati n'kupakumba pang'ono kuti pasakhudzane. Akatero m'mphepete mumagwirana ndithu moti ngakhale mpeni sungalowe, ndipo ntchito yosalaza imachepa. Pakatikati penipeni ankaboola bowo la makona anayi n'kuikamo kamtengo kokhala ndi chikhomo. Ambiri amaganiza kuti kamtengoko ndi kamene kamalimbitsa mzati, koma ayi, ntchito yake inali kulondolera mwala wapamwamba kuti ukhale pakati pomwe. Chogwira mzati ndi kulemera kwa miyalayo.

Timipata 20 totsika mumzati wa mtundu wa Doric, ngati ya pa Parthenon, ankatimaliza mzati utaima kale. Mukatisema mwala uli pansi, m'mphepete mumabenthuka pokweza ndipo mizere siilumikizana.

Wa_zitsulo:
Ndiwonjezereko za makoma, chifukwa kumeneko kuli chitsulo. Miyala yoyandikana ankaimanga ndi zitsulo zooneka ngati chilembo cha H, zolowa m'mabowo osemedwa pamwamba pa miyala yonse iwiri, kenako n'kuthira mtovu wosungunula mpaka chitsulo chonse chitakutidwa. Mtovu umatchinga madzi kuti chitsulo chisachite dzimbiri, komanso poti ndi wofewa, umalola miyala kusuntha pang'ono pa chivomezi osasweka.

Mukasiya mtovuwo, zotsatira zake zinaoneka kale. Nikolaos Balanos, injiniya wa ku Greece, pokonza nyumba za pa Acropolis (phiri lomwe pali Parthenon) kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anaika zitsulo zosakutidwa bwino. Zitachita dzimbiri zinatupa n'kung'amba mabo kuchokera mkati. N'chifukwa chake okonza a masiku ano akuzichotsa n'kuika za titaniyamu, chitsulo chosachita dzimbiri.

Wosema_miyala:
Zoonadi achimwene. Ndipo chomwe chinagwetsa mizati ya m'mbali mwa Parthenon si chivomezi. Mu 1687 asilikali a ku Venice anaponya bomba pa wonga womwe Aturuki ankasunga mkatimo.