Herpes ya akavalo ikalowa m'khola, tiyambire pati?

Woweta wa ku Ulongwe:
Akuluakulu, kavalo akayamba kutentha thupi ndi kutuluka mamina, a vetenale n'kukayikira EHV-1 (kachilombo ka herpes ya akavalo), enawo tiwateteza bwanji? M'khola momwemo muli abulu a ngolo ndi kavalo wamkazi wa bere. Katemera angathandize panopa?

Mlangizi wa ziweto, Tsangano:
Bambo, yambani n'kutseka khola. Kavalo kapena bulu asatuluke, wachilendo asalowe, mpaka padutse masiku 21 chionekereni wodwala womaliza. Ena amadikira 28. Abulu nawonso amatenga, ndiye ngolo ya kumsika iyambe yapuma.

Wodwalayo mumupatule, mamita 10 kapena kuposa, pomwe sangagundane mphuno ndi anzake. Akhale ndi ndowa yake, chingwe chake, munthu wake. Ngati wosamalira ndi mmodzi, aziyamba ndi athanzi, wodwala pomaliza, kenako asambe m'manja ndi kusintha zovala. Anthu sadwala nayo, koma amaitenga m'manja ndi pamalaya.

Muziyeza kutentha kotulukira ndowe m'mawa ndi madzulo, n'kumalemba zonse. Kupitirira madigiri 38.5 ndiye wayamba kudwala. Kuyeza kamodzi patsiku kumaphonya, chifukwa kutentha thupiko kumatsika n'kubweranso. Dziwitsaninso a SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi ndi ziweto.

Mayi wa ku Furancungo:
Wa bereyo ndiye andidetsa nkhawa. EHV-1 imapolozetsa, makamaka kuyambira mwezi wa 7 wa bere, nthawi zambiri popanda chizindikiro. Akapoloza, mwana, nsengwa ndi udzu wonyowa zonse zadzaza kachilombo. Valani magolovesi, a vetenale atengeko zokayeza, zotsalazo mukwirire mozama agalu asafukule. Potsuka, chotsani kaye ndowe ndi sopo, kenako jiki kapu imodzi m'makapu 10 a madzi. Jiki pa ndowe n'kutaya ndalama.

Mlangizi wa ziweto, Tsangano:
Zoona mayi. Za katemera ndinaiwala: amachepetsa chimfine ndi kupoloza (wa bere amabayidwa mwezi wa 5, 7 ndi 9), koma sateteza mtundu wa matendawa wogwira mitsempha ya msana. Wotentha thupi musamubaye. Mukaona akudzandira ndi miyendo yakumbuyo, mkodzo ukungodontha, kapena wakhala pansi ngati galu, mwina ndi wogwira msana uja, itanani dokotala tsiku lomwelo, chikhodzodzo chimafunika kukhuthulidwa ndi kapaipi.

Nyengo ya mvula onaninso pamwamba pa maso. Pakatupa, ganizirani nthenda ina ya akavalo, African horse sickness, yomwe imabwera ndi tizilombo ting'onoting'ono touluka toluma madzulo, osati kupatsirana pandowa.