Kodi ufa wa chinangwa tingakaupimitse kuti tisanayambe kugulitsa?

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mudayendapo njira imeneyi. Ndine mmodzi wa amayi a m'gulu lina kuno ku Chipata, ndipo timagaya makaka n'kulongedza ufa m'mapaketi. Mwini sitolo ina m'tauni wavomera kutigula, koma akufuna chikalata chosonyeza kuti ufawo udapimidwa poizoni wa cyanide, komanso zitsulo zoopsa monga mtovu ndi cadmium.

Chinangwa chathu n'chowawa, choncho timachisenda, kuchiviika m'madzi masiku anayi mpaka chifewe, kenako n'kuchiyanika pathandala. Vuto n'lakuti mwezi wa June kukazizira sichifewa msanga, ndipo ena mwa ife amachivuula pakati pake pakadali polimba, chifukwa chothamangira msika. Ndidawerenga kuti muyezo wa zakudya wa padziko lonse wotchedwa Codex umalola mamiligalamu 10 okha a cyanide pa kilogalamu ya ufa, ndipo ine sindikhulupirira kuti lilime lingazindikire mlingo wochepa chotere, ngakhale agogo athu amaweruza ndi kulawa.

Kodi tiyenera kutumiza ufawo ku bungwe loona za miyezo la Zambia Bureau of Standards ku Lusaka, kapena alangizi a ku Msekera, malo ofufuzira zaulimi kuno ku Chipata, angatilozere malo apafupi? Nanga pamafunika ufa wochuluka bwanji, ndipo kodi tipimitse thumba lililonse kapena kamodzi pachaka? Za zitsulozo, tikufunanso kudziwa ngati zimachokera m'nthaka, m'madzi oviikamo, kapena kuchigayo, pakuti chimene timagayitsako n'chakale ndipo chili ndi dzimbiri.